Lipoti la ntchito: kubwezeretsa kufiira kwa kufakitale pa Honda CB750 ya 1971

Njinga yamoto imeneyi inafika pagalaja pathu ku Ndirande kumayambiriro kwa mwezi wa June, ili pa pikiapu, itamangidwa ndi linya mbali zonse. Eni ake ndi bambo achikulire amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg, ndipo pobwerera kuno kumudzi anabwera nayo. Za injini anali atathana nazo kale ndi makaniko wina. Kwa ine ankangofuna penti, ndipo sanazungulire: "Amisiri, zongoiwalitsa ayi, zimenezo aliyense angathe. Ine ndikufuna ifiire monga inkafiirira tsiku limene inatuluka m'fakitale."

Ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi maminibasi ogundana, mabampala a timagalimoto ndi njinga za anyamata a kabaza. Pa zimenezo umangotenga nambala ya mtundu kapena kachidutswa ka galimotoyo, ogulitsa penti akusakanizira, ubwera n'kupopera. Iyi inali ina. Inanditengera masabata 7, ndipo mbali ina ndinachita kuibwereza. Ndalemba zonse monga zinayendera kuti mnzanga amene adzalandire njinga yotere adziwe poyambira.

Njinga yake

Inali Honda CB750 Four. Honda anaionetsa koyamba pa chionetsero cha magalimoto ku Tokyo mu October 1968, n'kuyamba kuigulitsa mu 1969. Injini yake ndi ya 736cc, masilinda anayi oyalana chopingasa, mapaipi a utsi anayi, buleki ya disiki kutsogolo, ndipo imalira ndi batani. Masiku amenewo zonsezi kupezeka pamodzi pa njinga yoti munthu wamba agule zinali zachilendo, n'chifukwa chake mpaka lero amene ali nayo amaisamala kuti ikhale monga inalili.

Ndisanakhudze kanthu ndinayenera kudziwa chaka chake, chifukwa Honda ankasintha mitundu komanso zigawo zopentedwa gulu ndi gulu. Nambala ya pa felemu, pakhosi pa chiwongolero, inayamba ndi CB750-1, pamene za gulu la K2 la 1972 zimayamba ndi CB750-2. Makava am'mbali anali ang'onoang'ono, opanda timipata ta mpweya tija timene tili pa K0 yoyambirira, ndipo zilembo za HONDA pa baji ya thanki zinali zoyera. Zonsezi zinaloza K1 ya 1971. Pa K1 zigawo zovala mtundu wa njinga zilipo 6: thanki, makava awiri, chigoba cha getsi lakutsogolo, ndi makutu awiri achitsulo ogwira getsilo. Pa K2 chigobacho n'chakuda ndipo makutuwo ndi achitsulo chowala chosapenta, choncho wosokoneza magulu awiriwa amapenta zosafunika kupenta. Mwa mitundu imene K1 inkatuluka nayo munali Candy Ruby Red, Candy Gold, Candy Garnet Brown ndi Valley Green Metallic. Yathuyi inali Candy Ruby Red.

Penti amene anali pamwamba sanali wa Honda. Wina anaipopera kalekale ndi penti wofiira wamba, wothithikana, amene tsopano anali atachita ming'alu ngati dothi la m'dambo mu October. Thanki inali ndi denti kudzanja lamanja, kukula kwake ngati chikhatho, pamene chogwirira chinagunda itagwa. M'kati munali dzimbiri. Kava lakumanzere linali losweka pakona, ndipo limodzi la timiyendo take tolowa m'mphira linali litathyoka.

Chimene chimavuta ndi candy

Pa njinga za Honda nambala ya mtundu imawerengeka mosavuta. R ndi zofiira, PB ndi zabuluu, Y ndi zachikasu, G ndi zobiriwira, NH ndi zoyera, zakuda ndi zotuwa. Chilembo chakumapeto chimanena mtundu wa pentiyo: M ndi wonyezimira, P ndi wa pearl, C ndi candy. Mukaona C ameneyo, dziwani kuti nambalayo yakuuzani theka lokha la nkhani.

Candy ndi zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pamakhala siliva wonyezimira. Pamwamba pa siliva pamabwera utoto wofiira woonekera m'kati, ndipo pamwamba penipeni pamakhala kiliya, penti wopanda mtundu woteteza ndi kuwalitsa. Kuwala kwa dzuwa kumapyola kiliya, kupyola utoto, kugunda siliva, n'kubwerera kudzera mu utoto womwe uja kusanafike m'maso mwathu. N'chifukwa chake thanki ya candy imaoneka ngati mtunduwo uli pansi pa madzi. Koma n'chifukwa chakenso imavuta, poti kuwala kumadutsa utotowo kawiri, ndiye kuwonjezera pang'ono pokha kumaonekera kwambiri.

Aliyense amene anasungunulapo Sobo akudziwa zimenezi. Ukathira pang'ono m'tambula, madzi amangosintha pang'ono. Ukawonjezera, mtundu umakhwima, chonsecho botolo ndi lomwelo. Penti wofiira wamba ukamupopera makoti atatu kapena asanu, mtundu susintha, wangonenepa. Candy ayi. Makoti atatu ndi mtundu wina, asanu ndi wina, asanu ndi awiri ndi winanso, kuchokera m'chitini chimodzi. Choncho mtundu wa kufakitale sugulidwa wathunthu m'sitolo. Gawo lina lili mu siliva amene waika pansi, gawo lina mu utoto, ndipo gawo lalikulu lili pa kuchuluka kwa utoto umene dzanja lako lasiya pachitsulo. Ngakhale makina oyezera mtundu amene ali m'masitolo ena akuluakulu a penti amafuna malo athyathyathya ndi okulirapo, ndipo pa penti wosanjikizana chonchi amangokuyandikitsa, sakufikitsa.

Vuto lachiwiri ndi lakuti utoto wa candy umasuluka ndi dzuwa msanga kuposa penti wamba, makamaka wofiira. Umayamba kupita ku olenji, kenako ku pinki, mapeto ake pamwamba pa thanki pamatsala pafupifupi siliva yekha.

Kufunafuna mboni

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anali atatenga kale chitini cha mankhwala osendera penti. Ndinamuletsa. "Iwe, bweza chimenecho pashelefu. Tikasenda lero, mawa tifananiza ndi chiyani?" Pa ntchito yotere penti wakale ndiye mboni, ndipo mboni imafunsidwa isanachotsedwe.

Malo oyamba amene ndinayang'ana ndi kunsi kwa thanki, mumphako modutsa felemu. Amene anapopera penti wamba uja sanafikeko, ndipo penti wa Honda analipo. Ndinatenga sandipepa wa P800 wonyowetsa (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala kwambiri) n'kukhula kamalo kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, pang'onopang'ono, mpaka chitsulo chitaonekera pakati. M'mbali mwake munatuluka timizere tozungulira ngati mkati mwa anyezi: chitsulo, pulayima, siliva, kenako kufiira. Pamenepo ndinatsimikiza kuti pansi pali siliva osati golide. Zimenezi n'zofunika, chifukwa utoto wofiira womwewo ukakhala pa golide umapita ku olenji. Ndi galasi lokulitsa zinthu ndinaonanso kuti timchenga ta silivayo tinali tosalala kwambiri.

Koma kunsi kwa thanki si mboni yabwino ya kukhwima kwa mtundu. Kumeneko kumangofika utsi wa penti, ndiye mtundu umakhala wopepuka. Mboni yeniyeni ndinaipeza nditachotsa baji yakumanzere. Wopenta woyamba uja sanachotse mabaji, anangowamata tepi n'kupopera mozungulira, ndipo pansi pake panatsala kachigamba ka penti wa mu 1971, kooneka ngati bajiyo, kamene sikanaonepo dzuwa. Kanali kokutidwa ndi fumbi ndi polishi wouma. Ndinakatsuka ndi sopo, n'kukapukuta ndi polishi wosalala pa kansalu kofewa, kenako ndinadonthezapo madzi ndi chala kuti kawale ngati kali ndi kiliya watsopano. Mtundu unadzuka. Kunali kufiira kwa chidede chokhwima, kozama, ndipo ukapendeketsa thanki padzuwa munkayaka moto m'kati mwake.

Eni ake atabwera ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Koma amisiri, sikuda kwambiri kumeneku? Ine ndimaikumbukira yowalirapo, yopita ku olenji pang'ono."

Sankanama. Njingayi anaigula kwa munthu wina itayenda kale zaka zoposa khumi padzuwa la ku South Africa. Ndinakhula penti wamba uja pamwamba pa thanki, pafupi ndi chivindikiro, mpaka penti wa Honda wosuluka ataonekera, ndipo unali ndendende mtundu umene ankanenawo. Ndinati, "Bambo, mitundu ndi iwiri pano. Uwu ndi umene mukuukumbukira, dzuwa litaudya kale. Uwu wa pansi pa baji ndi umene inatuluka nawo ku Japan. Yonse iwiri ndingathe kuipanga, koma musankhe ndinu." Anapita osayankha. Patatha masiku awiri anandiimbira foni kuti tipange wa pansi pa baji. Ndimalangiza mmisiri aliyense kuti nkhani iyi azithana nayo penti asanasakanizidwe, chifukwa maso a mwini njinga amakumbukira mtundu umene anakhala nawo, ndipo akaona wina pa tsiku lodzatenga amaona ngati mwalakwitsa.

Makhadi oyesera

Utoto wa candy sindinaupeze m'masitolo a mu Blantyre ndi Limbe. Mphwawo wa bambowa anaugula ku Johannesburg n'kuutumiza pa basi: botolo la wofiira, ndi kabotolo kakang'ono ka wofiira wopita ku pepo kosinthira mtundu. Zinatenga masiku 12. Nthawi imeneyo sindinangokhala. Ndinadula tizitsulo kuchokera ku chitseko chakale cha galimoto, masentimita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, n'kutipinda pang'ono kuti tikhale ndi msana ngati wa thanki. Khadi lathyathyathya limanamiza, chifukwa candy amaoneka mosiyana pamalo opindika.

Ndinayamba ndi siliva wamitundu itatu: wa timchenga tosalala, wapakati, ndi wa timchenga tikulutikulu. Pa khadi lililonse ndinamata tepi m'mizere 6. Nditapopera koti imodzi ya utoto pa mzere woyamba wosamata, ndinkachotsa tepi imodzi pa koti iliyonse yotsatira, mpaka khadi limodzi linaonetsa masitepe kuyambira makoti ochepa kufika 7. Kenako ndinapopera kiliya pa makhadi onse. Osafananiza khadi lopanda kiliya. Candy wopanda kiliya amaoneka wofwifwa ndi wopepuka, ndipo mukamukhulupirira mudzawonjezera makoti osafunika.

Siliva wa timchenga tikulutikulu anagwa poyamba. Ankathwanima ngati mchenga wa kunyanja masana, zokongola ndithu, koma si za Honda wa nthawi imeneyo. Wapakati anayandikira, koma ukayang'ana chammbali ankada msanga. Wosalala ndiye anagwirizana ndi kachigamba ka pansi pa baji.

Utoto unandivutitsa kuposa siliva. Wofiira yekha, pa makoti anayi ankapita ku olenji, ndipo pa makoti 6 ankayamba kupita ku khofi, osadutsa pa kufiira kwa chidede kuja. Ndinayamba kudonthezamo wa pepo uja ndi jakisoni, n'kumalemba m'kope chilichonse chimene ndathira. Ulendo wachinayi ndi umene unakhala: mamililita 9 a wofiira ndi mililita 1 ya wopita ku pepo mu mamililita 100 a bayinda (penti wopanda mtundu amene amanyamula utotowo), kenako thinazi monga mwa malangizo a pachitini. Ndinasankha dala kusungunula mofooka chonchi. Utoto wamphamvu umafika pa mtundu ndi makoti awiri kapena atatu, koma dzanja likangozengereza pang'ono pamatsala mzere wakuda. Wofooka umafuna makoti ambiri, koma koti iliyonse imasintha mtundu pang'ono, ndiye umakhala ndi mpata woima pamalo oyenera.

Pofananiza ndinkatulutsa thanki panja pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, n'kugoneka khadi pafupi ndi kachigamba konyowetsa kaja. Ndinkayang'ana molunjika, kenako chopendekera, kenako chammbali penipeni, padzuwa ndi pamthunzi. M'galaja, pansi pa magetsi a machubu, sitepe ya makoti anayi inkaoneka yofanana. Panja inali yopepuka, ndipo ya makoti asanu ndi imene inkasowa m'kachigambako, osaona pamene khadi lathera. Njinga imayenda padzuwa, choncho ndinatsata dzuwa. Ndinapanga khadi lina lathunthu la makoti asanu, bambo aja anabwera kudzaliona, n'kusayina kuseri kwake. Khadi limenelo ndi limene linalowa m'malo mwa mboni, ndipo pamenepo mpamene ndinamuuza mnyamata uja kuti atenge chitini chake chija.

Kukonza pansi

Thanki tinayamba ndi m'kati. Tinaitsuka ndi sopo ndi madzi otentha kangapo, tinathiramo timanati n'kumaigwedeza kuti dzimbiri lomatirira ligwe, kenako mankhwala a asidi odya dzimbiri usiku umodzi, kutsukuluza, ndi kuumitsa ndi mpweya. Ndinaiyesa ngati ikudontha poipopera mpweya pang'ono kwambiri n'kupaka thovu la sopo m'misoko. Inalibe bowo. Moto sindinauyandikitse n'komwe. Thanki imene munakhalapo petulo imasunga mpweya wake m'misoko ngakhale ioneke youma, ndipo amisiri avulalapo nazo zimenezi. Denti ndinaikankha kuchokera m'kati ndi chitsulo chopinda cholowetsera pakamwa pa thanki, uku ndikugogoda m'mbali mwake ndi kahamala kopepuka. Potsala pake panalowa fila, phala lodzazira polowa, wosapitirira mamilimita awiri.

Kunja tinasenda mpaka chitsulo, kupatula mumphako mwa kunsi muja. Mmenemo ndinasiya penti wa Honda monga analili, kuti amene adzagwire njingayi m'tsogolo adzapeze poyambira. Pachitsulo panapita pulayima wa epoxy, kenako pulayima wonenepa wa 2K, ndiye kuti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hadina. Ndinawaza kautsi ka penti wakuda pamwamba n'kukhula ndi P320 pa kathabwa, ndipo pamene kakuda kankatsalira mpamene panali polowa. Ndinamaliza ndi P600, kenako P800 wonyowetsa. Siliva amaulula kakanda kalikonse ka sandipepa, ndipo utoto wa candy umakhazikika m'kakandako n'kukadetsa, choncho pano sipofunika kuthamanga.

Makava ndi apulasitiki. Mankhwala osendera penti komanso thinazi wamphamvu amawasungunula, ndiye tinakhula ndi manja basi. Posweka paja ndinalumikiza kuseri ndi phala la pulasitiki wamtundu womwewo wosungunulidwa mu acetone, n'kuyalapo kaukonde, ndipo kamwendo kothyoka ndinakaumba mwa njira yomweyo. Asanalandire pulayima analandira kaye mankhwala othandiza penti kugwira pa pulasitiki.

Kupopera, ndi pamene ndinalakwitsa

Unali mwezi wa July, ndipo chiperoni chinatigwira masiku anayi. Aku Blantyre mukuchidziwa: chifunga, kamvula kowaza, kuzizira kolowa m'mafupa. Nyengo yotere penti amachita mbuu chifukwa cha chinyezi, ndipo kompulesa imadzaza madzi. Tinadikira. Tsiku limene kunacha bwino ndinakhetsa madzi m'thanki ya kompulesa, ndinasintha kasefa ka pa gani yopoperera penti, tinawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndipo ndinayamba cha m'ma 11 koloko kutafunda.

Gani yanga ndi ya nozo ya mamilimita 1.3, mpweya pafupifupi 2 bar, kutalika kwa dzanja kuchokera pachitsulo masentimita 15 mpaka 20. Siliva anapita makoti awiri ndi kautsi kamodzi komaliza koyalitsa timchenga. Pa candy, mzere uliwonse unkakwera pa unzake magawo atatu mwa anayi, ndipo ndinkadikira mphindi 10 mpaka 15 pakati pa makoti. Pa thanki ndinkayenda ndi thupi lonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, osapinda dzanja pamkono, chifukwa ukapinda, pakati pamalandira utoto wambiri kuposa kumapeto. Pamsana pa thanki, pamene mbali ziwiri zimakumana, ndi pamene pamakonda kuda. Ndinkasintha poyambira pa koti iliyonse kuti mizere isagwere malo amodzimodzi. Thanki inatuluka bwino, popanda mizeremizere.

Cholakwa changa chinali pa makava ndi makutu. Thanki ndinaiika pa choimikira, koma tizigawo ting'onoting'onoti ndinatigoneka patebulo. Ndinawerenga makoti asanu pa zonse, ndinapopera kiliya, ndipo madzulo amenewo pansi pa magetsi zonse zinkaoneka zofanana. M'mawa mwake nditazitulutsa padzuwa mtima unangoti myuu. Thanki inali chidede, makava anali chiwindi. M'mphepete mwawo munali modera kwambiri.

Chifukwa chake ndinachiona nditakhala pansi. Pa chinthu chaching'ono dzanja limayenda pang'onopang'ono losadziwa, ndipo limayambira ndi kuthera pachinthu pomwepo, ndiye m'mphepete mumalandira kawiri. Chinthu chogona chimalandiranso utsi wonse umene ukugwa kuchokera m'mwamba, pamene choimirira umachidutsa. Makoti anali asanu powerenga, koma utoto umene unakhala pa makavawo unali wa makoti 7. Ndinawerenga makoti m'malo moyang'ana khadi, pamene khadilo linali pashelefu pomwepo.

Candy akada sabwerera. Palibe chothira pamwamba choti chimupepukitse. Tinadikira masiku atatu kuti kiliya aume, tinakhula mpaka posalala, tinapopera pulayima wotseka chifukwa utoto wa candy umakwera n'kudetsa siliva watsopano ukapanda kuutsekera, kenako tinayambiranso pa siliva. Ndinawaimbira eni ake n'kuwauza zimene zachitika, kuti njinga ichedwa ndi sabata imodzi ndi theka, ndiponso kuti penti wowonjezerayo ndi wa m'thumba mwanga. Anati, "Chitani bwinobwino amisiri, yadikira zaka, sabata si kanthu."

Ulendo wachiwiri ndinakhoma kafelemu ka matabwa n'kupachikapo makava choimirira, monga amakhalira panjinga, makutu ndi chigoba cha getsi pambali pake, ndi khadi latsopano la siliva pakati pawo kuti lizilandira utoto wofanana nawo. Gani inkayamba kutulutsa penti isanafike pa chinthu ndipo inkasiya itachidutsa, ngati zonsezo ndi chitsulo chimodzi chachitali. Nditamaliza koti yachinayi ndinachotsa khadi lija, ndinalinyowetsa mbali imodzi ndi kiliya wa m'kachitini kopopera, n'kutuluka nalo panja kukaliika pa thanki. Linatsala pang'ono. Koti yachisanu ndinaipopera mopepuka, ndili patali pang'ono, ndipo zinakumana.

Mzere wagolide ndi kiliya

Thanki ya K1 ili ndi mzere wagolide m'mbali zonse ziwiri. Eni ake anali atagula kale masitika opangidwa motengera akale. Ndisanasende thanki ndinali nditayeza pamene mzere wakale unkadutsa, poti m'mphepete mwake munkaonekabe pansi pa penti wamba uja, ndipo ndinajambula papepala kutalika kwake kuchokera pa msoko wa kunsi ndi pa malo a baji. Sitika simatidwa pa candy mwachindunji, chifukwa utoto umalowa m'sitikamo n'kusandutsa golide kukhala wofiirira. Kiliya woyamba uja ndiye anatseka utoto. Atauma ndinamukhula ndi P1000, ndinamata masitika ndi madzi a sopo pang'ono kuti ndithe kuwasuntha, ndinafinya madziwo ndi kamphira kuchokera pakati kupita kunja, n'kuwasiya tsiku lathunthu. Pamwamba pake panapita makoti awiri a kiliya wa 2K, magawo awiri a kiliya pa gawo limodzi la hadina, koti yoyamba yopepuka kuti isakwinyitse sitika.

Sindinaunjike kiliya. Anthu ambiri masiku ano amakonda thanki yooneka ngati yamizidwa m'galasi, koma penti wa nthawi imeneyo anali wopyapyala, ndipo thanki yonenepa ndi kiliya imadziwika patali kuti ndi yopentanso. Chimene ndinasankhira 2K n'chakuti sasungunuka ndi petulo. Pakamwa pa thanki ndinamata tepi kuti penti athere pamene mphira wa chivindikiro sufika, ndipo m'mphepete mwa pentimo ndinapakamo kamzere ka guluu wa epoxy. Petulo akapeza polowera pansi pa penti pamenepo, amamutukumula ndipo matuza amayenda mpaka pamsana pa thanki.

Mawu amodzi pa za hadina. Muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amawononga mapapo, ndipo munthu akayamba kubanika nawo amakhala nalo vutolo moyo wake wonse. Kansalu kapakamwa kapena kamasiki kapepala sikatchinga kanthu. Mnyamata wanga salowa mopoperamo popanda masiki ya makatiriji atsopano ndi magolovesi, ndipo fani yotulutsa utsi imayaka tisanayambe. Ndimaona anyamata m'magalaja ambiri akupopera 2K atamanga tisheti kumaso, ndipo zimandiwawa.

Tilibe uvuni woumitsira penti, choncho zigawo zonse zinakhala m'chipinda chotseka masiku 7. Kenako ndinachotsa tifumbi tiwiri titatu ndi P1500, ndinasalaza ndi P2000 ndi P3000, n'kupukuta ndi polishi.

Mmene inatulukira

Tinamanga zonse panjinga Loweruka m'mawa n'kuikankhira panja. Ndinagoneka khadi losayinidwa lija pa thanki, pa kava lililonse, pa makutu ndi pa chigoba cha getsi, bambo aja akuona. Molunjika ndi chopendekera panalibe kusiyana. Chammbali penipeni kava lakumanja linkaoneka lakuya pang'ono kwambiri kumunsi kwake, pamene limapindikira m'kati, ndipo ndinawalozera ndekha. Anawerama, anayang'ana, n'kunena kuti pamenepo tisakhudzepo. Kenako anazungulira njingayo kawiri mwakachetechete, anagwira thanki ndi nsonga za zala, n'kufunsa ngati angathiremo petulo. Ndinawapempha kuti adikire sabata ina, kuti pothira aziyala kansalu pakamwa pa thanki, ndiponso kuti asapake polishi wa phula mpaka patatha mwezi. Ndinawauzanso mosabisa kuti utoto uwu, ngakhale uli pansi pa kiliya wamakono woteteza ku dzuwa, udzasuluka ngati njinga izikhala pabwalo tsiku ndi tsiku, choncho izigona m'nyumba kapena pansi pa chofunda.

Ndinawapatsa envelopu. M'kati munali khadi losayinidwa, khadi la masitepe, pepala la muyeso wa utoto ndi mtundu wa siliva, nozo ndi mpweya umene ndinagwiritsa ntchito, ndi kabotolo ka utoto wotsala kokulungidwa m'pepala lakuda.

Anabwera nayo patatha miyezi itatu, mu October, akuiyendetsa okha. Ndinayang'ana pakamwa pa thanki, panalibe thuza. Pamene panali denti fila sanatsike, ndipo pakona pa kava lakumanzere mng'alu sunabwerere. Panali kakanda kamodzi kumbuyo kwa thanki, pamene zipi ya jekete imakhudza, ndipo kanachoka ndi P3000 ndi polishi. Tinatulutsa khadi mu envelopu n'kuligoneka pamsana pa thanki, dzuwa lili pamutu, ndipo mtundu unali usanasunthe.